Momwe mungayendere nokha m'akachisi a ku Kyoto ndi Koyasan osapanikizana ndi anthu

Zithunzi za ku Japan zimene timaona pa Facebook zimanamiza pang'ono. Mumaona kanjira ka zipata zofiira kopanda munthu, kapena khonde la matabwa loyang'ana pa miyala ndi mchenga, n'kumati kumeneko ndiye kuli bata. Bata liripo ndithu, koma lili ndi nthawi yake. Pamene wojambula anaima yekhayekha 6 koloko m'mawa, ikamakwana 11 koloko pamakhala ngati mumsika wa Limbe kumapeto kwa mwezi. Apa woyenda yekha ndiye ali ndi mwayi. Sadikira mnzake wochedwa kusamba, sakangana ndi wina za kokadya, ndipo akapeza khonde lomukomera akhoza kukhalapo ola lathunthu. Malangizo awa ndi a ulendo wa mlungu umodzi kapena kuposerapo pang'ono, mumzinda wa Kyoto ndi kuphiri la Koyasan.

1. Sankhani mwezi musanagule tikiti

Kumapeto kwa Marichi ndi kumayambiriro kwa Epulo mitengo ya sakura imachita maluwa, ndipo chapakati mpaka kumapeto kwa Novembala masamba a mitengo amafiira. Nthawi ziwirizi n'zokongola zedi, n'chifukwa chake dziko lonse limakhamukira komweko, malo ogona n'kukwera mtengo. Pewaninso masiku a pakati pa 29 Epulo ndi 5 Meyi, pamene eni dziko amakhala pa tchuthi chachitali chotchedwa Golden Week.

Ine ndingakuuzeni kuti mupite mu Juni. Ndi nyengo ya mvula, alendo amachepa, ndipo ndere zimene zimayala pansi m'magadeni ambiri a ku Kyoto zimabiriwira kuposa nthawi ina iliyonse. Ambulera amagulitsa pa golosale iliyonse. Januwale ndi Febuluwale nakonso kumakhala phee, koma kuzizira kwake n'kosaseweretsa, ndipo m'akachisi akale mumaponda pansi pa matabwa ozizira ndi masokosi okha.

2. Viza, ndege ndi ndalama

Wa pasipoti ya Malawi amafunika viza, ndipo imapemphedwa ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe. Mwa zina amafuna ndondomeko ya ulendo wanu tsiku ndi tsiku, kumene mukagone, ndi umboni wa ku banki woti mudzadzisamala nokha. Yambani msanga. Ndege zambiri zochoka kuno zimadzera ku Addis Ababa kapena Johannesburg. Mukatera pa bwalo la Kansai pafupi ndi Osaka, sitima ya Haruka imakufikitsani ku Kyoto m'mphindi pafupifupi 75. Mukatera ku Tokyo, sitima yothamanga ya shinkansen imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo.

Nyamulani ndalama za yen m'thumba, chifukwa akachisi ambiri salandira khadi pakhomo. Makina a ATM a m'masitolo a 7-Eleven amalandira makhadi akunja. Gulani khadi ya ICOCA yolipirira basi ndi sitima, komanso adaputala, poti masoketi awo ndi a timano tiwiri tophwatalala. Nthawi ya ku Japan ili patsogolo ndi maola 7 poyerekeza ndi ya ku Malawi, choncho kudzuka m'mamawa masiku awiri oyamba kudzakuvutani. Malo ofunika kulawirira muwaike tsiku lachitatu.

3. Dziwani pamene mwalowa

Kyoto linali likulu la Japan kuyambira 794 mpaka 1868, ndipo malo opembedzerapo ndi osawerengeka. Ali mitundu iwiri. Mukaona chipata cha mizati iwiri ndi mitanda iwiri pamwamba, chotchedwa torii, mwafika pa kachisi wa Shinto, chipembedzo chamakolo cha dzikolo. Mukaona chipata chachikulu chofolera, fungo la lubani likukulandirani, dzina lake n'kumathera ndi -ji, -dera kapena -in, ameneyo ndi kachisi wa Chibuda.

Pa kachisi wa Shinto weramani pang'ono musanadutse torii, ndipo yendani cham'mbali mwa njira, chifukwa pakati amati ndi podutsa milungu. Chapafupi mupeza mwala wosemedwa wodzaza madzi, zikho zazitali zitasanjidwa pamwamba. Tengani chikho ndi dzanja lamanja, tungani kamodzi kokha, sambitsani dzanja lamanzere. Sinthani, sambitsani lamanja. Bwezerani chikho kumanja, thirani madzi pang'ono m'chikhatho chamanzere, chukuchani m'kamwa n'kulavulira pansi m'mbali, osati m'madzimo. Pomaliza imikani chikho kuti madzi otsala atsike ndi mpini, kenaka chivundikireni pamene munachitenga. Chikho chisakhudze milomo.

Opemphera amaponya kandalama m'bokosi, n'kuwerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, kupemphera chamumtima, kenaka kuwerama kamodzi. Kwa Abuda saomba m'manja, amangophatikiza manja mwakachetechete. Ngati chikhulupiriro chanu sichikulolani zimenezi, musadandaule. Palibe amene adzakukakamizeni kapena kukuyang'anani ndi diso loipa. Imani pambali, vulani chipewa, perekani mpata kwa opemphera, basi.

Nsapato mudzavula kambirimbiri pa tsiku. Valani zosavuta kuvula, ndipo masokosi obooka asiyeni kunyumba.

4. Malo otchuka, apiteni mbandakucha

Fushimi Inari, kachisi uja wa zipata zofiira masauzande, satseka usana ndi usiku ndipo salipiritsa. Ali pa siteshoni ya Inari, mphindi 5 zokha pa sitima ya kampani ya JR kuchokera pa siteshoni yaikulu ya Kyoto. Mbiri yake imayambira mu 711. Fikani kusanache bwinobwino. Zipatazo zimakwera phiri la Inari lotalika mamita 233, ndipo kuzungulira konse kumatenga maola awiri kapena atatu. Anthu ambiri amabwerera pa mphambano ya Yotsutsuji, pamene mzinda umaoneka bwino m'munsi. Inu pitirirani. Kumtundako kuli timaguwa ta miyala tomera ndere, tizipata tating'ono taunjikidwa pamenepo, ndi ziboliboli za nkhandwe zovekedwa tinsalu tofiira m'khosi, ina italuma kiyi wa nkhokwe ya mpunga. Potsika yang'anani kumbuyo kwa zipata, muona zolembedwa zakuda. Ndi maina a anthu ndi makampani amene anapereka chipata chilichonse, pamodzi ndi tsiku lake.

Kiyomizu-dera amatsegula 6 koloko m'mawa. Nthawi imeneyo khonde lake lalikulu la matabwa limakhala la anthu ochepa, ndipo masitolo a m'njira yokwerera amakhala asanatsegule.

Ryoan-ji ndiye wofunika kumumvetsa musanapite, kuopa kukhumudwa. Gadeni yake yotchuka ilibe maluwa kapena mtengo. Ndi bwalo laling'ono la timiyala toyera topalasidwa mizeremizere, ndi miyala 15 yoikidwa m'magulu asanu, khoma la dothi litazungulira. Kulikonse kumene mungakhale pakhonde, umodzi umabisika. Ambiri amawerenga miyala, kujambula, n'kunyamuka pasanathe mphindi zisanu. Fikani 8 koloko pamene amatsegula m'miyezi yofunda, khalani pansi, ndipo ikani foni m'thumba. Mukakhalitsa mumayamba kuona zina: mawanga a pakhoma, mmene mizere imazungulirira mwala uliwonse, mthunzi ukusuntha.

5. Masana thawirani kumalo osatchuka

Dzuwa likakwera, mabasi a alendo amakhala atadzaza pa Kinkaku-ji ndi m'nkhalango ya nsungwi ya Arashiyama. Imeneyo ndi nthawi yopita ku Daitoku-ji, kumpoto kwa mzinda. Ndi mudzi wa akachisi ang'onoang'ono oposa 20 mkati mwa mpanda umodzi, ndipo ochepa okha ndi amene amalandira alendo masiku onse, monga Daisen-in, Ryogen-in ndi Zuiho-in. Aliyense amalipiritsa payekha. Zuiho-in ali ndi nkhani yosayembekezeka. Anamangitsa ndi Otomo Sorin, mfumu yankhondo imene pambuyo pake inabatizidwa n'kukhala Mkatolika mu 1578. Pamene katswiri wa magadeni Shigemori Mirei ankakonza gadeni ya kumbuyo mu 1961, anaika miyala yake m'njira yoti ipange mtanda wopendekeka. Wodutsa mothamanga sangauone.

Kum'mawa kwa mzinda kuli kanjira ka makilomita pafupifupi awiri kotsata ngalande ya madzi kuchokera ku Ginkaku-ji kulowera cha ku Nanzen-ji. Mukapatuka pang'ono kukwera mtunda mupeza Honen-in, wa chipata chofolera ndi udzu. Mukangolowa, kumanja ndi kumanzere kuli milu iwiri ya mchenga woyera imene amonke, ansembe a Chibuda, amajambulapo mafunde kapena masamba, n'kumasintha malinga ndi nyengo. Pabwalo salipiritsa.

Ngati muli ndi tsiku lathunthu, kwerani basi ya ku Ohara, ulendo wa pafupifupi ola limodzi, mukaone Sanzen-in ndi tiziboliboli ta Jizo, amene Abuda amati ndi mtetezi wa ana, tosuzumira m'ndere. Saiho-ji, yemwe ali ndi mitundu ya ndere yoposa 120, salandira munthu wongotulukira. Muyenera kusungitsa malo pa intaneti nthawi ikadalipo, ndipo musanalowe m'gadeni amakukhazikani pansi kuti mukopere mawu a malemba a Chibuda. Mtengo wake ndi wokwera kuposa akachisi ena, koma ndi njira imeneyi imene amachepetsera anthu.

Pa tsiku musapitirire malo atatu. Akachisi ambiri a Chibuda amatseka pakati pa 4 ndi 5 koloko madzulo, ndipo mabasi a ku Kyoto amayenda pang'onopang'ono. Basi mumakwerera khomo lakumbuyo, n'kulipira potsika kutsogolo. Mabini a zinyalala ndi osowa, choncho yendani ndi kajumbo.

6. Kabuku ka zidindo

Gulani kabuku kopindapinda kotchedwa goshuincho pa kachisi woyamba. Pamalo alionse mukapereka kabukuko pa windo, wansembe kapena wothandizira amalemba ndi burashi dzina la kachisi ndi tsiku, n'kudinda zidindo zofiira. Kawirikawiri ndi 300 mpaka 500 yen. Tsegulani nokha tsamba loti alembepo, perekani ndi manja awiri, ndipo konzeranitu ndalama yokwanira ndendende. Musadindemo zidindo za pa siteshoni ya sitima, chifukwa ena amakana kulemba m'buku losakaniza.

7. Gonani usiku umodzi ku Koyasan

Chikwama chachikulu chisiyeni ku hotela kapena m'maloka a pa siteshoni. Mukachoka ku Kyoto pitani kaye ku Osaka, ndipo pa siteshoni ya Namba kwerani sitima ya Nankai mpaka ku Gokurakubashi, kenaka kasitima kokokedwa ndi chingwe kokwera phiri, pomaliza basi yolowa m'tauni. Mmonke Kukai anayamba malowa mu 816, ndipo lero kuli akachisi 117, mwa iwo pafupifupi 50 amagoneka alendo. Sungitsani malo msanga, ndipo onetsetsani kuti amalandira munthu mmodzi, poti ena amafuna awiri kapena amawonjezera mtengo.

Fikani isanakwane 5 koloko madzulo, chifukwa chakudya chimabwera molawirira. Mulibe nyama kapena nsomba. Mumakhala mpunga, ndiwo zamasamba m'timbale tambirimbiri, ndi chakudya chofewa cha chitowe chotchedwa goma tofu chimene Koyasan imadziwika nacho. Wozolowera nsima agule kachakudya kena pokwera. Mumagona pa matiresi oyala pansi, ndipo bafa nthawi zambiri ndi la onse, amuna kwawo akazi kwawo. Mumasamba ndi sopo kunja kaye, kenaka n'kulowa m'madzi otentha. Cha m'ma 6 koloko m'mawa alendo amaitanidwa ku mapemphero a amonke, ndipo mutha kungokhala kumbuyo n'kumamvetsera.

Chachikulu kumeneko ndi Okunoin, njira ya makilomita awiri yodutsa pakati pa manda oposa 200,000 pansi pa mitengo italiitali yakalekale, kukathera pamene pagona Kukai. Otsatira ake amakhulupirira kuti kuyambira 835 iye ali m'kusinkhasinkha, sanafe, ndipo amonke amamunyamulira chakudya m'bokosi la matabwa kawiri pa tsiku, 6 koloko ndi 10:30 m'mawa. Mukafuna kuwaona, imani chapafupi ndi mlatho wa Gobyobashi. Mukawoloka mlathowo kujambula n'koletsedwa.

Koyasan ili pamtunda wa mamita pafupifupi 800, choncho ngakhale mu Juni nyamulani juzi. Musananyamuke ku Namba tumizani uthenga kwa achibale wonena dzina la kachisi amene mukagoneko, ndipo sungani mufoni nambala ziwiri: 110 ya apolisi ndi 119 ya ambulansi.