Kasamalidwe ka damu la dothi lomwetsa nyama ndi mbalame

Madamu ambiri a dothi amawonongeka ndi zinthu zomwe mwini wake amazikonda: mitengo yamthunzi ndi nyama zokumba una. Choncho malowo agaweni pawiri. Kumtunda, komwe madzi amathera pang'onopang'ono, ndiko kwa nyama. Siyani mabango kumeneko, gombe likhale losatsetsereka kwambiri, kuti akakowa, abakha akutchire ndi agwape azimwa osatitimira. Koma pakhoma lotchinga madzi pamafunika udzu wokha, makamaka kapinga, ndipo muziutchetcha kuti nthaka izioneka.

Khoma labwino limatambalala mamita 3 pamwamba pake. Mbali yoyang'ana madzi izitambasuka mamita 3 pa mita iliyonse yokwera, mbali yakunsi mamita 2 kapena 2.5. Damu likadzaza, pakati pa madzi ndi pamwamba pa khoma pazitsala mita imodzi.

Muziyendera khomalo mwezi ndi mwezi, komanso mvula yamphamvu ikangokata. Yambirani kunsi kwake. Mukapeza madzi akuchucha, tungani m'botolo loonekera mkati. Akakhala oyera ndipo sakuwonjezeka tsiku ndi tsiku, ikani chizindikiro n'kumaonapo pafupipafupi. Akakhala amatope, ndiye kuti akukokolola dothi mkati mwa khoma, ndipo kabowo kamene lero kakulowa chala kangathe kugumula damu lonse usiku umodzi. Apo chepetsani madzi ndipo itanani injiniya tsiku lomwelo.

Chiswe, nkhanu, mbewa ndi ng'azi zimaboola njira zomwe madzi amadzatsata. Kungotseka pakamwa pa una n'kudzinamiza. Kumbani mpaka pomwe unawo wathera, thirani dongo lonyowa pang'ono masentimita 15, tsindirani mpaka lilimbe, kenaka onjezani ena 15, mpaka pafanane. Kamtengo kophukira pakhoma kazuleni kakadali kakang'ono. Mtengo waukulu musangoudula n'kuusiya, chifukwa mizu ikawola imasiya mphako. Pamafunika katswiri woichotsa ndi kutsindiranso dothi.

Ngalande yotayira madzi osefukira ikumbidwe m'nthaka yolimba cham'mbali, osati pa dothi lomwe munaunjika. Chotsanimo zinyalala mvula isanayambe. Anthu ena amatchingamo ndi ukonde kuti nsomba zisathawe, ena ndi matumba a mchenga kuti madzi achuluke. Chonde musatero! Madzi akasowa potulukira amadumpha khoma, ndipo dothi silipirira madzi oyenda pamwamba pake. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula mbali ya damu la Kapichira pa Shire, lomangidwa ndi akatswiri. Nanga kadamu ka makasu kotsekedwa potulukira?

Za umwini musazisiye pakamwa. Kuno ku Malawi lamulo la madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndipo ndiko mukapemphe chilolezo musanatchinge mtsinje. Damu likakhala pa malo a makolo, lembani pangano pamaso pa amfumu: mwini khoma ndani, wotchetcha ndani, ndalama zokonzera zichokera kuti, ng'ombe zizimwera mbali iti. Mukamagula munda wokhala ndi damu, funsani chilolezo chake ndi mbiri ya kukonzedwa kwake, poti likagumuka anthu akunsi adzabwera kwa inu. Lembani mayina a mabanja okhala kunsiko ndi nambala zawo za foni, ndipo mugwirizane pasadakhale malo okwera othawirako mukaimba mluzu usiku.