Matewera ochapa: musanagule, onani madzi ndi dzuwa la pakhomo panu

Mwana wakhanda amafunika kumusintha thewera ka 8 mpaka 12 pa tsiku. Pamwezi ndi matewera pafupifupi 300. Banja limene lasankha mapampasi liyenera kukhala ndi ndalama yogulira onsewo, komanso malo owataya. Sawola msanga, amadzadzitsa chimbudzi chokumba nthawi isanakwane, ndipo m'matauni monga Blantyre ndi Lilongwe timawaona atatseka ngalande mvula ikagwa. N'chifukwa chake mabanja ena amasankha thewera lansalu. Koma si thewera lililonse limene lingakuthandizeni, ndipo kukongola kwake pamsika kusakunamizeni. Funso loyamba ndi ili: madzi mumatunga kuti, ndipo zovala zimauma msanga bwanji pakhomo panu?

Thewera lodziwika ndi lija loyera lansalu yonga tawulo, lambali zinayi zofanana, la masentimita pafupifupi 60 mbali iliyonse. Ine ndimalimbikitsa limeneli. Mukaliyala pachingwe limatambasuka lonse, mphepo ndi dzuwa zimafika paliponse. Mumalipinda malinga ndi msinkhu wa mwana, kotero limagwira ntchito kuyambira ali wakhanda mpaka atayamba kuyenda, mng'ono wake n'kudzalipezanso. Chifukwa ndi loyera, mumaona msanga ngati chimbudzi cha mwana chasintha mtundu kapena muli magazi, zomwe nsalu yamaluwamaluwa imabisa.

Kuli ena amakono osokedwa ngati kabudula, okhala ndi mabatani osinthira kukula kwake ndi thumba loikamo kansalu komwa mkodzo. Kumveka mwana n'kosavuta, ngakhale bambo amene sanamangepo thewera sachita mantha. Koma ndi okwera mtengo, tinsalu take tochindikala timachedwa kuuma, ndipo mbali yake yapulasitiki siifuna madzi owira kapena simbi. Ngati muli ndi mpopi pakhomo, gulani angapo oti mwana azivala popita kusikelo kapena kutchalitchi. Ngati madzi mumasenza kuchokera kumjigo, musatayirepo ndalama zonse. Chenjerani ndi kansalu ka microfibre (ka ulusi wosakhala wathonje) kamene kamabwera ndi ena mwa matewerawa: kazikhala m'thumba mwake, kasakhudze khungu, chifukwa kamaliumitsa.

Nsalu yake ikhale ya thonje. Apa mpamene ambiri amapusitsidwa, makamaka pa kaunjika, poti nsalu ya poliyesita imatha kuoneka yofewa kuposa thonje koma siimwa madzi. Donthezanipo madzi pang'ono: akakhala pamwamba n'kumayenderera, isiyeni. Mukafuna kutsimikiza, sololani kaulusi kumphepete n'kukayatsa ndi machesi. Thonje limapsa n'kusanduka phulusa, likununkha ngati pepala. Poliyesita amasungunuka n'kuuma ngati kamkanda. Dziwaninso kuti thewera latsopano silimwa bwino mpaka litachapidwa kangapo, choncho lichapeni kawiri kapena katatu mwana asanabadwe. Amene ndalama yavuta asadandaule. Tawulo wakale wathonje kapena chitenje chimene chafewa ndi kuchapa, mukachidula n'kupinda m'mphepete, chimathandiza, ngakhale chitenje chimafuna kupinda mochindikala popeza n'chopyapyala.

Angati? Ngati mumachapa tsiku ndi tsiku m'chilimwe, 12 akhoza kukwana movutikira. Mwana amene adzabadwe pakati pa Disembala ndi Malichi, kapena kumalo a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje, mukonzereni 20 kapena 24. Kumveka mwana thewera lachinyezi poti ena sanaume ndiko kumayambitsa zilonda. Onjezani timakabudula tapulasitiki titatu kapena tinayi, ndi mapini okhala ndi chotsekera kumutu, kapena kachomangira kapulasitiki kamano kamene kamagwira nsalu popanda kubaya. Pomanga ndi pini, ikani zala zanu pakati pa nsalu ndi mimba ya mwana. Mukatha, zala ziwiri zizitha kulowa m'chiuno, ndipo lasitiki asasiye mizere yofiira m'ntchafu. Masiku oyambirira, mchombo usanagwe, pindani thewera lithere m'munsi mwake kuti pazipita mphepo.

Kachapidwe ndiye kamasiyanitsa thewera labwino ndi chisa cha matenda. Pali chikhulupiriro chakuti chimbudzi cha mwana chilibe vuto. Si zoona. Chimanyamula tizilombo ta kutsekula m'mimba chimodzimodzi cha munthu wamkulu, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatiphunzitsa zokwanira. Chimbudzicho kachitayeni m'chimbudzi, pamodzi ndi madzi oyamba otsukuluzira. Osachapira matewera pamjigo, pachitsime kapena mumtsinje. Khalani ndi ndowa yakeyake yavindikiro, yosatungiranso madzi akumwa, ndipo matewera asagonemo kupitirira tsiku limodzi kapena awiri. Chapani ndi sopo wamtanda wosanunkhira kwambiri, mutsukuluze mpaka thovu litatheratu, chifukwa sopo wotsalira amawotcha khungu. Mankhwala ofewetsa zovala monga Sta-Soft asiyeni. Amakuta ulusi, thewera n'kuleka kumwa mkodzo. Mwana akadwala m'mimba kapena akatuluka zilonda, wiritsani matewera athonjewo. Pomaliza sambani m'manja ndi sopo.

Yanikani pachingwe, padzuwa. Osayala pansi, paudzu kapena pamthunzi. Kuno kwathu kuli ntchentche imene imaikira mazira padothi ndi pansalu zonunkha mkodzo. Mazirawo akaswa, mphutsi imalowa m'khungu la mwana n'kutupa ngati chithupsa chokhala ndi kabowo pakati. Kusita kumapha mazirawo, kaya ndi simbi yamagetsi kapena yamakala, ndipo sitani mbali zonse ziwiri. Apa mpamene thewera lathonje lapambaniranso amakono aja, amene simbi imawasungunula.

Mukaona khungu lafiira, sinthani thewera pafupipafupi, mutsukeni mwana ndi madzi ofunda okha, muumitseni bwino, mumdzoze Vaseline pang'ono, ndipo masana muzimusiya kanthawi ali wosavala atagona pachitenje. Kabudula wapulasitiki muchotseni kaye. Paudala si wofunika, mwana amatha kumupumira m'mapapo. Zikapitirira masiku atatu, kapena kufiirako kukalowa m'mapindiko a ntchafu ndi timadontho tofiira m'mbali, kapena pakatuluka mafinya, kapena thupi likatentha, pitani naye kuchipatala kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Musadzoze mankhwala ogula pamsika musanauzidwe.

Inu abambo, mabanja ambiri amasiya matewera ansalu ntchito ikamuchulukira mayi amene wangochira kumene. Masabata oyambirira, zigubu zamadzi, makala a simbi ndi ndowa ya matewera zikhale zanu.