Ntchito yachuluka kusiyana ndi zimene analengeza? Kambiranani za malipiro motere

Analengeza kuti akufuna wolandira alendo pa loji ina kunyanja. Intavyu mwapambana, kalata yafika, koma mkatimo alembamo kuti muzisunganso mabuku a ndalama, kuyang'anira zakumwa ndi kupita ku boma kukagula katundu. Malipiro ndi omwe aja. Kuno ku Mangochi ntchito ndi yosowa, n'chifukwa chake ambiri amangosaina. Musatero.

Choyamba, thokozani ndipo pemphani masiku awiri kapena atatu kuti muwerenge kalatayo modekha.

Kenako ikani chilengezo chija pambali pa kalata, mulembe ntchito iliyonse yowonjezera. Muzijambuliratu zilengezo pa foni, poti za pa Facebook ndi WhatsApp sizichedwa kufufutidwa. Ntchito zowonjezerazi sizilemera mofanana. Kuyankha foni ndi nkhani yaing'ono, koma kugwira ndalama ndi makiyi a sitolo ndi udindo wina, chifukwa zikasowa wofunsidwa ndinu. Udindo wotere ndi umene muuikire mtengo. Funsani anzanu a ku Monkey Bay kapena Cape Maclear amene amagwira ntchito yonga imeneyo kuti amalandira zingati.

Werengeraninso maola. Lamulo la Employment Act la 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo owonjezera alipidwe ngati ovataimu.

Tsopano pitani mukaonane nawo maso ndi maso, mwaulemu koma mosazungulira: "Bwana, ntchitoyi ndaikonda ndipo ndine wokonzeka kuyamba. Koma pa chilengezo panalibe zosunga ndalama. Ndikupempha kuti malipiro agwirizane ndi udindowu." Tchulani ndalama yeniyeni, osangoti "mundiganizireko". Funsaninso ngati ndalama ya m'kalatayo ndi yochotsa kale msonkho ndi penshoni. Ambiri amadabwa pakutha pa mwezi.

Akanena kuti thumba silikulola, nkhani sinathe. Pemphani alawansi ya mayendedwe, nyumba kapena chakudya cha masana. Kwa wokhala ku Mpondasi amene azikwera minibasi tsiku ndi tsiku, alawansi ya mayendedwe si yochepa. Apo ayi, achotse ntchito zina, kapena alembe tsiku lodzaunikanso malipiro mukamaliza miyezi yoyeserera.

Chimene mwagwirizana chilowe m'kontirakiti musanasaine, ndipo mutenge kope lanu. Mawu akuti "tidzaona kutsogolo" simungapite nawo kulikonse. Ngati pali ndime ina yosamveka, pitani nayo ku ofesi ya zantchito pa boma akakumasulireni.