Musamasule matumba musanatsimikize kuti ndalama zalowa

Nyengo ino yogulitsa soya ndi mtedza, alimi ambiri alira chifukwa cha cholakwa chimodzi, chomwe ndi kupereka matumba kwa venda atangoona uthenga wa pa foni wonena kuti ndalama zalowa. N'zoona kuti malonda asintha. Ndalama zachitsulo za K1, K5 ndi K10 sizikugulanso kanthu, mpaka m'magolosale chenji akubweza ndi maswiti kapena machesi, ndipo ngakhale K5,000 ya pepala yomwe Reserve Bank of Malawi inatulutsa mu 2022 inachepa mphamvu kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. N'chifukwa chake ogula ambiri sakuyendanso ndi mipukutu ya ndalama, koma akulipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo njira zimenezi n'zothandiza kwa amene akuzigwiritsa ntchito mosamala.

Chondiwawa n'chakuti inu nomwe amene kale munkawerenga ndalama kawiri, mukunyowetsa chala ndi kuunika pepala lililonse padzuwa, lero mukuchita manyazi kuuza wogula kuti adikire pang'ono. Ena mukufika popereka foni yanu kwa wogula yemweyo kuti akuwerengereni. Uthenga angathe kuulemba munthu aliyense pa foni yake, kuufananitsa ndi weniweni, n'kuutumiza kwa inu ataima pomwepo pafupi ndi sikelo. Zikatero, chotayika si mtengo wa matumba okha, chifukwa mmenemo muli mbewu munagula ija, ndalama za aganyu, ngongole ya ku banki mkhonde yomwe ikudikirabe kubwezedwa, fizi ya ana, ndi thukuta la chaka chonse, pamene nthawi yodzalanso ili kutali.

Bambo wina wa m'dera langa anandiuza kuti wogula anafika dzuwa litapendeka, ali pachangu, akunena kuti galimoto ndi yahayala ndipo ikufunika kubwerera. Foni inalira, bamboyo anaona chiwerengero chomwe anagwirizana, ndipo anathandiza nawo kukweza soya wakeyo. M'mawa mwake atapita kwa ejenti kukatapa, anauzidwa kuti mu akaunti mulibe kanthu, ndipo nambala ya wogulayo sinkapezekanso. Pondifotokozera, ankangobwereza kuti munthuyo ankaoneka waulemu.

Tsono katundu asanakwere galimoto, onani nokha ndalama zomwe zili mu akaunti poimba *211# ngati muli pa Airtel Money, kapena *444# ngati muli pa Mpamba. Uthenga weniweni umabwera ndi dzina la kampani, osati nambala ya foni ya munthu. Nambala yanu yachinsinsi musauze aliyense, ngakhale ejenti. Ngati netiweki yavuta, matumba akhale pakhonde mpaka ibwere, ndipo amene kuwerenga kumawavuta aitane mwana wawo kapena mnzawo wa ku kalabu. Mukaberedwa, musafute uthengawo, koma kanenani ku polisi ndi ku kampani ya foni tsiku lomwelo.