Antena ya mkati kapena yakunja? Momwe mungasankhire pa GPS ya boti lanu pa nyanja ya Chilwa

Amene anadzukapo m'bandakucha pa doko la Kachulu m'miyezi yozizira amachidziwa chifunga cha pa Chilwa. Chilumba cha Chisi, chomwe masana chimaoneka ngati mungachigwire ndi dzanja, chimangoti zii. Phiri la Mpyupyu nalo silioneka, ndipo kanjira ka m'njedza (udzu wautali wa m'madzi) komwe munatulukira dzulo kamafanana ndi tinjira tina khumi. Mwini boti akazungulira kawiri kapena katatu m'chifunga chotere, mafuta akutha, okwera akudandaula, amayamba kuganiza zogula makina a GPS, osonyeza pomwe boti lili ndi njira yake. Akafika kwa wogulitsa amakumana ndi funso lomwe sanalikonzekere: mukufuna a antena ya mkati, kapena muonjezere yakunja?

Ndinene msanga maganizo anga. Maboti ambiri a pa Chilwa ndi apululu, opanda denga, ndipo kwa amenewa antena ya mkati ndi yokwanira. Yakunja ili ndi ntchito yake, koma ndi ya anthu ochepa. Tsatirani njira ili m'munsiyi kuti mudziwe gulu lanu musanatulutse ndalama.

1. Dziwani chimene antena imamvera

GPS siidalira netiweki ya foni ndipo siidya bandulo. Imamvera masetilaiti omwe amazungulira dziko pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200. Uthenga wochokera kutali chotero umafika uli wofooka kwambiri, ndipo makina anu amafunika kumva masetilaiti osachepera 4 nthawi imodzi kuti awerengere pomwe muli. Akamva ambiri, makamaka omwazikana mbali zonse za thambo, amaloza molondola. Pabwalo loyera makina wamba amaphonya ndi mamita 3 mpaka 5 basi.

Antena ya mkati ndi kachidutswa kakang'ono kobisika m'mutu mwa makinawo, monga momwe ilili mufoni yanu. Yakunja ndi ija yooneka ngati bowa woyera, yomwe amaimangirira panja n'kuilumikiza ndi chingwe. Zonse ziwiri zimamvera masetilaiti omwewo. Yakunja siitana masetilaiti ena apadera ayi. Ubwino wake ndi umodzi: mumaiika pomwe thambo likuoneka, pamene makinawo ali pamthunzi pomwe manja ndi maso anu akufika.

Mitambo, mvula ndi chifunga sizitchinga uthengawu mokwanira kuti mudandaule. Chimene chimatchinga ndi chitsulo, ndiponso madzi akachuluka, kuphatikizapo thupi la munthu.

2. Khalani pomwe mumawongolera boti n'kuyang'ana kumwamba

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse. Khalani pampando wanu pafupi ndi injini, kapena pomwe mudzamangirire makinawo, ndipo muone chimene chili pamwamba pa mutu wanu.

Ngati palibe kanthu, monga zilili m'bwato kapena m'boti la matabwa la asodzi a matemba, mwathana nazo: gulani a antena ya mkati. Chilwa ndi nyanja yathyathyathya, phiri la Zomba lili kutali kumadzulo, ndipo thambo limaoneka kuchokera m'mphepete mpaka m'mphepete. Malo abwino kuposa amenewa kwa GPS ndi osowa.

Ngati pali lona kapena pulasitiki yotchingira dzuwa, uthenga umadutsa. Denga la faiba nalonso umadutsa, ngakhale umafookako pang'ono. Matabwa ochindikala, makamaka akanyowa, amaudya ndithu, choncho pamenepa muyenera kuyesa.

Koma ngati denga ndi la malata, kapena boti ndi lachitsulo lokhala ndi kachipinda ka woyendetsa, antena ya mkati idzakuvutitsani. Malata amachita zoipa ziwiri. Amatchinga masetilaiti a pamwamba, kenako amanjanjitsa uthenga wa masetilaiti a m'mbali kotero kuti umafika pa antena mochedwa, utayenda njira yokhota. Makina amawerengera mtunda potengera nthawi, ndiye uthenga wochedwa umawanamiza. Mudzaona kadontho kanu pa sikirini kakudumphadumpha boti lili chiimire.

Musaiwale katundu. Boti lonyamula anthu pakati pa Kachulu ndi Chisi limadzaza njinga, matumba a mpunga, nthawi zina malata enieniwo a munthu amene akukafolera nyumba. Makina oikidwa pansi, pakati pa miyendo ya anthu ndi njinga, amaona thambo lochepa kuposa momwe munayesera boti lili lopanda kanthu.

3. Yesani musanagule

Bwerekani makina a mnzanu kwa tsiku limodzi. Akasowa, foni yamakono ikhoza kukuthandizani, chifukwa alipo mapulogalamu aulere oonetsa masetilaiti omwe foni ikumva.

Yatsani makinawo pabwalo, kutali ndi nyumba ndi mitengo. Ngati akhala nthawi yaitali osayatsidwa, apatseni mphindi 15. Masetilaiti amatenga mphindi 12 ndi theka kuti atumize ndandanda yonse ya malo awo, ndiye musafulumire kunena kuti makina ndi akufa. Kenako tsegulani tsamba la masetilaiti. Mudzaona timizere toimirira, kamzere kalikonse kakuimira mphamvu ya setilaiti imodzi, ndi nambala yosonyeza mamita omwe makina akuganiza kuti angaphonye. Lembani papepala: masetilaiti angati, mamita angati.

Tsopano lowani m'boti, muike makinawo pamalo pake penipeni, mudikire mphindi 5, mulembenso. Bwerezani masana ndi madzulo, poti masetilaiti amasuntha. Ngati manambala a m'boti akufanana ndi a pabwalo, antena yakunja ndi kutaya ndalama. Ngati masetilaiti atsika ndi theka, kapena mamita akwera kuchoka pa 4 kufika pa 15 kapena 20, yesani kaye kusuntha makinawo kuwatulutsa kunsi kwa denga. Nthawi zambiri kusuntha ndi mkono umodzi kumathetsa vuto. Zikakanika, ndiye pitani pa gawo lotsatira.

Kanthu kena pogula: makina ambiri a masiku ano amamvanso masetilaiti a GLONASS a ku Russia, ena amamvanso Galileo a ku Ulaya ndi BeiDou a ku China, kuonjezera pa GPS ya ku America. Amenewa amapirira bwino pamalo otchingika pang'ono. Koma wogulitsa asakukometseni ndi mawu akuti WAAS kapena EGNOS olembedwa pa bokosi, omwe ndi maina a mautumiki othandiza GPS kuloza molondola. Woyambayo amatumikira kumpoto kwa America, winayo Ulaya. Sanapangidwire ife kuno.

4. Mukasankha yakunja, onani kaye kumbuyo kwa makina

Si makina onse omwe ali ndi polowetsa antena yakunja. Ang'onoang'ono ambiri a m'manja alibe. Tembenuzani makinawo muone, kapena werengani kabuku kake. Polowetsa pamakhala pa mitundu yosiyana, monga BNC, TNC, SMA ndi MCX, ndipo mitu yake siilowana. Tengani makinawo popita kukagula, kapena jambulani polowetsapo ngati mukutuma munthu ku Blantyre kapena ku Joni.

Antena zakunja zilinso pawiri. Ina ndi antena chabe yokhala ndi kachipangizo kokweza mphamvu ya uthenga, ndipo imalandira magetsi ochepa, mavoti 3 mpaka 5, kudzera m'chingwe chomwecho kuchokera ku makina. Ina ndi GPS yathunthu yokhala m'kati mwa bowa uja, yomwe imawerengera yokha malo n'kutumiza manambala kudzera mu NMEA 0183 kapena NMEA 2000, njira zomwe zipangizo za m'boti zimatumizirana uthenga. Kunja zimaoneka mofanana, koma sizilowana m'malo. Ndinaonapo munthu atagula yachiwiriyi pamene makina ake amafuna yoyamba, ndipo anangoisunga m'kabati.

5. Imangeni pansi, osati pamwamba

Apa ambiri amalakwitsa chifukwa chozolowera eriyo ya wailesi yakanema, yomwe timaikweza pa nsungwi yaitali. Antena ya GPS siifuna utali. Imafuna thambo loyera basi. Mukaiika pamwamba pa mlongoti, mwera ukayamba kugwedeza boti antenayo imapita uku ndi uku kuposa botilo, ndipo liwiro ndi njira zomwe makina akusonyeza zimasokonekera. Ikani pamwamba pa denga penipeni, kapena pa kachitsulo kafupi kopitirira denga pang'ono, itakhala chilili, mutu wake ukuyang'ana kumwamba.

Italikitseni ndi mita imodzi kapena kuposerapo kuchoka pa antena ya wailesi yolankhulirana ngati muli nayo, ndipo isayandikane ndi injini. Sankhaninso malo omwe okwera sadzaigwira ngati chogwirira, kapena kuiunjikira matumba a makumba ouma. Musaipake penti, poti penti ina ili ndi zitsulo m'kati. Musanaboole denga, imangeni kaye ndi chingwe cha mphira, muyende nayo tsiku limodzi, muone ngati manambala ali bwino.

6. Samalani chingwe

Antena yakunja ikafa, kawirikawiri chafa ndi chingwe. Musachidule kuti chifupike ndipo musachilumikize ndi waya wamba popotokola ngati wa nyale. Chikatalika, chikulungeni mozungulira momasuka n'kuchimangirira pouma. Musachipinde mwamphamvu pa ngodya, ndipo chisayende limodzi ndi mawaya a injini.

Chilwa ilibe mtsinje wotulukira. Domasi, Likangala, Thondwe ndi mitsinje ina imathiramo, madzi amangouma ndi dzuwa, ndiye ndi amchereko. Dzimbiri pa mitu ya chingwe silichedwa. Kulungani polumikizira pa panja ndi tepi ya mphira, ndipo chingwe chizitsika pang'ono chisanalowe m'makina, kuti madontho azigwera pansi m'malo molowa m'kati. Apa antena ya mkati imapambana poyera: ilibe chingwe choti chiwole, ndipo madzulo mumangoika makina m'thumba n'kupita nawo kunyumba, pamene bowa woyera uja amagona padoko, pomwe maso ndi ambiri.

7. Yesani panyanja, kenako sungani njira zanu

Onetsetsani kuti makina ali pa WGS 84, muyeso wa mapu womwe GPS imagwiritsa ntchito. Mapu akale a dziko lino anajambulidwa pa muyeso wina wotchedwa Arc 1950, ndipo mukasakaniza ziwirizi malo amasuntha ndi mamita mazana, zomwe anthu amanamizira antena. Sungani malo a doko, pitani ku Chisi dzuwa likuswa mtengo makina akujambula njira, ndipo pobwerera onani ngati mzere wobwerera ukugona pa wopita. Ukagona, ntchito yatheka.

Chimene antena iliyonse singakuuzeni ndi kuya kwa madzi. Chilwa ndi yosaya, ndipo gombe lake limayenda: inaphwa mu 1995, inaphwanso kwambiri mu 2018, ndipo chaka chilichonse madzi amabwerera m'mbuyo dzinja lisanafike. Njira yomwe munasunga mu Epulo ikhoza kukulowetsani m'matope mu Okutobala, ndipo njedza ndi zimbowera (tinyumba toyandama) za asodzi sizikhala malo amodzi. Choncho njira iliyonse muziipatsa dzina lokhala ndi mwezi, monga "Chisi Epulo", muzijambula yatsopano madzi akasintha, ndipo mponda wanu, mtengo wokankhira boti uja, uzikhala m'boti pamodzi ndi mabatire apadera okulungidwa m'pulasitiki.