Mmene Mungasulire Mtsogoleri Wokatiyankhulira Kumene Malamulo Amapangidwa Kuno ku Joni

Mabungwe athu kuno ku Johannesburg ndi olimba pa maliro. Munthu akatisiya ku Turffontein Lachiwiri, pofika Loweruka chopepesa chasonkhedwa, mapepala atheka, thupi lili pamsewu kulowera ku Mwanza. Koma anthu omwewo akamva kuti khonsolo ikusintha malamulo a ogulitsa m'misewu, kapena kuti unduna wa Home Affairs, woona za ziphaso ndi zolowa m'dziko, watulutsa chikalata chofunsa maganizo a anthu, amangotumizirana mauthenga oopsezana pa WhatsApp, basi nkhani yathera pomwepo. Ine ndine telala ku Rosettenville, ndakhala mlembi wa bungwe la maliro kwa zaka zambiri, ndipo masiku ano ndimayenda ndi achinyamata m'maofesi mpaka atazolowera kulowamo okha. Ndikulembera inu amene mwakhalitsa kuno ndipo mukufuna kusiya wina m'malo mwanu.

Posankha woti mumusule, musatengeke ndi wodziwa Chingerezi kapena wolongolola pamsonkhano. Funsani kuti anthu amaimbira ndani usiku mwana akadwala kapena m'bale akagwidwa. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi mayi wina woluka tsitsi ku Yeoville kapena mnyamata wosunga buku la chipereganyu, ndipo sadzitcha mtsogoleri n'komwe. Ameneyo ndiye wanu, chifukwa akakalowa muofesi adzanena zimene wamva kwa anthu, osati zam'mutu mwake. Ngati n'kotheka tengani awiri, Mmalawi ndi wothawa kwawo wa ku Congo, Burundi, Somalia kapena Ethiopia. Mavuto athu amafanana pachipatala ndi pamsika, koma pamapepala amasiyana, ndipo aliyense ayenera kudziwa za mnzake.

Nkhani ya mapepalayo ndiyo yoyamba kukambirana, muli awiri, chitseko chotseka. Amalawi ambiri sitili m'gulu la othawa kwawo. Timagwera pansi pa Immigration Act ya 2002, ndipo wolowa ndi pasipoti yokha amapatsidwa masiku 30. Anzathu othawa nkhondo ali pansi pa Refugees Act ya 1998: wodikira yankho amayenda ndi pepala la Section 22, wovomerezedwa ali ndi la Section 24. Iwowa ali ndi chingwe china chowamanga: malamulo omwe anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2020 amawaletsa kulowerera ndale za zipani. Choncho wophunzira wanu ngati ndi wothawa kwawo, asavale malaya a chipani, asakwere pansanja ya kampeni, ndipo pomwe mukukayikira kafunseni maloya a Lawyers for Human Rights musanachite kanthu.

Amene masiku ake anatha musamuike patsogolo. Asasaine kaundula wa pakhomo la ofesi, asaonekere pakamera, ngakhale atakhala ndi mtima wotani. Ntchito yake ilipo yambiri kumbuyo, yotolera umboni ndi kumemeza anthu. Ena amati uku n'kuchititsa anthu mantha, koma kumbukirani za nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, yomwe inapsa pa 31 Ogasiti 2023 n'kupha anthu 76, Amalawi ali momwemo. Ena mwa opulumuka anagwidwa chifukwa cha mapepala n'kukatsekeredwa ku Lindela, kosungirako anthu oti abwezedwe kwawo, ndipo maloya anachita kuthamangira kukhoti kuti anthuwo asathamangitsidwe m'dziko kafukufuku wa motowo, wotsogozedwa ndi Jaji Sisi Khampepe, ali mkati. Mtsogoleri wosasamala amapweteketsa ndi amene sanapite kumsonkhano komwe. Paja khoswe wapadenga anaulula wapadzala. Pachifukwa chomwecho mndandanda wa mamembala, manambala awo ndi kumene amagona sizichoka m'manja mwa mlembi, ngakhale wopempha atakhala wa bungwe lotithandiza.

Mukatha izo, muchotseni maganizo akuti mlendo alibe pakamwa. Kuvota n'kwa nzika zokha, zimenezo n'zoona, gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino a 1996 likutero. Koma gawo 17 limapatsa munthu aliyense ufulu wosonkhana mwamtendere ndi kupereka chikalata cha madandaulo, gawo 27 limati palibe woti abwezedwe akafuna chithandizo chachangu kuchipatala, ndipo gawo 29 limapatsa aliyense maphunziro oyambirira. Magawo 59, 72 ndi 118 amakakamiza nyumba za malamulo kumva maganizo a anthu popanga malamulo, ndipo mu 2006, pa mlandu wa Doctors for Life, khoti lalikulu la pa Constitution Hill linagwetsa malamulo ena chifukwa choti anthu sanafunsidwe mokwanira. Chitsanzo chapafupi ndi cha anzathu a ku Zimbabwe: mu Juni 2023 khoti la ku Pretoria linati nduna ya Home Affairs inalakwitsa kuthetsa ziphaso za ZEP, zowalola kukhala ndi kugwira ntchito kuno, isanamve eni ake, omwe anali pafupifupi 178,000. Ine ndimasindikiza magawo amenewa papepala limodzi, wophunzira aziyenda nalo m'chikwama. Asaloweze ngati ndakatulo, angodziwa pomwe pali chiyani.

Chotsatira n'kudziwa khomo loyenera, ndipo apa m'pamene mabungwe athu amataya nthawi yambiri. Anthu amakakalipira khansala za mapemiti pamene khansala alibe mphamvu iliyonse pa mapemiti. Za ziphaso, malire ndi othawa kwawo ndi za boma lalikulu, unduna wa Home Affairs ndi komiti yake ya ku Nyumba ya Malamulo ku Cape Town. Zipatala zikuluzikulu ndi sukulu ndi za chigawo cha Gauteng, chomwe nyumba yake ya malamulo ili mu City Hall yakale pakati pa tauni ndipo ili ndi komiti yolandira madandaulo olembedwa. Malo ogulitsirapo, madzi, magetsi, zinyalala, nyumba zoonongeka ndi apolisi a mzinda otchedwa JMPD ndi za khonsolo ya mzinda. Ife a ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville, Hillbrow ndi Mayfair tili mu Region F, ndipo lamulo la Municipal Systems Act la 2000 limawerengera wokhala m'dera ngati mmodzi wa anthu oyenera kufunsidwa. Khonsoloyi inatsegulanso ofesi yothandiza obwera, Migrant Help Desk, mu 2007. Chimene ndimachita n'chophweka: ndimalemba madandaulo enieni a mamembala pa timapepala, wophunzira azigawe milu itatu patebulo langa lodulira nsalu, kenaka andiuze chifukwa chake. Akalakwitsa sindimuuza yankho, ndimamufunsa kuti amene amalipira wantchito wa pamalopo ndi ndani.

Nthawi nayo ili ndi mwini wake. Chaka cha ndalama cha khonsolo chimayamba pa 1 Julayi, bajeti yongoyerekeza ndi pulani ya chitukuko yotchedwa IDP zimaperekedwa pofika kumapeto kwa Marichi, ndipo misonkhano yomva anthu imagwa cha mu Epulo. Wofuna zimbudzi pamsika kapena magetsi a mumsewu akabwera mu Ogasiti, angouzidwa kuti bajeti inadutsa kale. Za boma lalikulu zimabwera mosayembekezeka. Chikalata chosintha ndondomeko ya unzika, zolowa m'dziko ndi othawa kwawo chinatuluka mu Novembala 2023, ndipo nthawi yoperekera maganizo inatha mu Januwale 2024, ndendende pamene theka la ife linali pa Park Station ndi zikwama kupita kumudzi. Ndiye mupatseni wophunzira wanu ntchito ya Lolemba lililonse: atsegule tsamba la pa intaneti la Parliamentary Monitoring Group, bungwe lolondola zochitika ku Nyumba ya Malamulo, aone ngati pali zofuna maganizo a anthu, akuuzeni tsiku lotsekera.

Umboni, pempho limodzi, ndi pakamwa panu potseka

Gawo ili ndilo limasiyanitsa mtsogoleri ndi wodandaula wamba. "Amatizunza kuchipatala" ndi mawu oona, koma bwana wa muofesi alibe pogwira. Wophunzira akhale ndi kope lachikuto cholimba momwe azilemba tsiku, malo, zomwe zinanenedwa, ndalama zomwe zinafunsidwa, ndi chithunzi cha lisiti ngati lilipo. Mayina a odandaula asalembedwe, aliyense apatsidwe nambala, ndipo afunsidwe kaye ngati akulola kuti nkhani yake ituluke.

Mtsikana wina wa ku Mangochi yemwe ndinkayenda naye anatolera motere nkhani za amayi oyembekezera omwe ankauzidwa kuti alipire kaye pa chipatala china cha boma. Mu Epulo 2023 khoti la ku Johannesburg, pa mlandu womwe anasuma a bungwe la maloya lotchedwa Section27, linali litagamula kale kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posayang'ana kumene akuchokera, ndipo linalamula kuti zidziwitso zake zimatidwe m'zipatalamo. Kalata yake yoyamba inali masamba anayi, yodzaza ndi mkwiyo, ndipo inkapempha zinthu zonse pakamodzi, ndi kuchotsedwa ntchito kwa makalaliki komwe. Ndinamubwezera.

"Mwana wanga, bwanayu akavomera chimodzi chokha, ukufuna chiti?"

Anakhala chete kanthawi, akupinda ngodya ya pepala. "Amate chidziwitso chija pawindo la kalaliki, abambo. Pomwe amayi amaima."

Kalata inatsala tsamba limodzi: ndife ndani ndipo tikuyankhulira anthu angati, chachitika n'chiyani, lamulo likuti chiyani, tikupempha chiyani ndipo pofika liti. Tinayeserera mushopu, ine ndili bwana wotanganidwa woyang'ana foni, wodula mawu, wofunsa kuti "kodi inuyo mapepala anu ali bwino?" Funso limenelo limabwera ndithu, ndipo yankho lake liyenera kukonzedweratu, laulemu ndi lalifupi, lobwezera nkhani pamutu wake. Tsiku la msonkhano ndinakhala pampando wakumbuyo ndi kope. Woona za madandaulo ankayang'ana ine pofunsa mafunso, poti ndine wa imvi, koma ine ndinkangoyang'ana mtsikanayo mpaka iye ayankhe. Mawu ankanjenjemera poyamba, kenaka anakhazikika atatsegula kope lake n'kuyamba kuwerenga masiku. Potuluka anapempha kuti kope lachiwiri la kalatayo lidindidwe chidindo cha ofesi, anafunsa dzina la woti azimuimbira, ndipo madzulo omwewo anatumiza imelo yothokoza yobwereza zomwe anagwirizana. Chidziwitso sichinamatidwe sabata imeneyo, panafunika kalata ina yokumbutsa, koma chinamatidwa.

Kukhala chete kumeneko n'kovuta kwa ife akuluakulu, makamaka ukaona kuti mwana waiwala mfundo yabwino. Ilembeni, mukamuuze muli muteksi pobwerera, ndipo muyambe ndi kumufunsa mmene iye waonera. Mukamulanda mawu pamaso pa bwana, ulendo wotsatira bwanayo adzafuna inu, ndipo ntchito yonse yabwerera pambuyo.

Asamapite yekha ngati gulu la alendo lokha. Mayi wa Chizulu woyandikana naye amaima pamzere womwewo wa kiliniki, ndipo kalata yosainidwa ndi komiti ya mumsewu kapena abusa ndi mashehe a m'deralo imalemera kuposa yathu tokha. Azipita ku misonkhano ya khansala, ya makolo kusukulu ndi ya CPF, komiti ya anthu a m'dera yogwira ntchito ndi apolisi, ngakhale tsiku lomwe palibe nkhani ya alendo, nkhope yake izolowereke. Nkhani ikakula mudziwitseni kwa odziwa: maloya a bungwe la SERI pa za nyumba ndi ogulitsa m'misewu, CoRMSA, mgwirizano wa mabungwe othandiza othawa kwawo ndi obwera, pophatikiza mawu a mabungwe ambiri, African Diaspora Forum yomwe inabadwa chifukwa cha ziwawa za mu Meyi 2008 zomwe zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndi ofufuza a African Centre for Migration and Society ku Wits akafuna ziwerengero zodalirika. Ofesi ikabisa chikalata, lamulo la PAIA, lopatsa anthu ufulu wopempha zikalata, limaipatsa masiku 30 kuti iyankhe pempho lolembedwa. Zionetsero ine ndimaziika kumapeto. Zimafuna kudziwitsa khonsolo masiku 7 zisanachitike ngati anthu aposa 15, ndipo kwa ife zimaika pambalambanda anthu omwe tinagwirizana kuti tiwateteze.

Pali matenda awiri omwe ndaona akugwira achinyamata abwino. Oyamba ndi a misonkhano ya m'mahotela: munthu amayamba kuitanidwa uku ndi uku, amabwera ndi zikwama ndi masatifiketi, chinenero chake chimasintha, koma ku bungwe saonekanso. Achiwiri ndi oipa kwambiri. Anthu akaona kuti amalowa m'maofesi amayamba kumupatsa ndalama kuti "awakonzere pepala", ndipo akalandira kamodzi kokha dzina lake ndi la bungwe zathera pomwepo, mwinanso ndende. Muuzeni izi poyera asanayesedwe.

Mankhwala a matenda onsewa ndi lipoti. Msonkhano uliwonse umene wapita, Lamulungu lotsatira aime pamaso pa mamembala, anene m'Chichewa kapena m'Chiswahili zomwe anapempha, zomwe anayankhidwa ndi zomwe zakanika, ndipo mamembala amuuze ngati apitirize. Ndalama ya teksi, ya data ndi yosindikizira makalata ichokere m'thumba la bungwe, msungichuma alembe ndipo malisiti abwere. Musaitulutse m'thumba mwanu, chifukwa akatero amakhala mnyamata wanu osati nthumwi ya anthu. Ganiziraninso za ganyu yomwe wataya tsiku limenelo. Woluka tsitsi akatseka Lachitatu lonse kuti akakhale pamzere wa ofesi, komiti ikambirane pasadakhale kuti imubwezera zingati, zilembedwe m'maminitsi iye asananyamuke.