Chinyezi m'khoma la nyumba yakale yamiyala ku France

Khoma linkanyowa cham'munsi, penti n'kumasupuka. Chinayambitsa vutoli ndi pulasitala wa simenti amene eni akale anapaka. Simenti imatsekera chinyezi m'kati, chonsecho makoma otere anamangidwa ndi laimu kuti madzi azituluka okha.

Ndinagumula pulasitalayo mpaka mita imodzi kupitirira pomwe pankanyowa, n'kupala pakati pa miyala masentimita awiri. Dothi lakunja, lomwe linakwera kuposa pansi pa m'kati mwa nyumba, ndinalichotsanso. Khoma litauma chilimwe chonse, ndinamata ndi laimu wa NHL 3.5 (mtundu wa laimu womangira amene amalimba akasakanizidwa ndi madzi), ndowa imodzi pa ndowa zitatu za mchenga.

Laimu amafuna kuwazidwa madzi masiku angapo, chifukwa akauma msanga amang'aluka. Kukazizira pansi pa madigiri 5 musamate, dikirani. Penti wapulasitiki ayi, pakani wa laimu yemweyo.